Theka la Mlatho

Itzel Quiñones ankapinda nsalu za pabedi za kasitomala pamene foni yake inanjenjemera patebulo, pakati pa botolo la sopo ndi dengu la masokosi osowa anzawo. Linali Lachiwiri masana, atangoweruka kusukulu. Dzuwa la ku El Paso linali litakhala pagalasi lakutsogolo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika, ndipo makina oumitsira zovala a m'nyumba yochapira ya mayi ake ankazungulira onse pamodzi, huu huu. Itzel anawerenga uthengawo kamodzi, n'kuwerenganso. Kenako anaika foniyo chafufumimba n'kupinda nsalu mokhotakhota, moti Mayi Ofelia, kasitomala wakale amene kanthu sikamudutsa mumsewu wathu, anasiya kutafuna chingamu.

"Wakukana ndani?" anafunsa Mayi Ofelia. "Mnyamata wogulitsa matayala uja? Ndinanena ine kuti mphuno imene ija si yokhalitsa pabanja."

"Palibe wandikana, Mayi Ofelia. Andilanda."

Nkhani yake inali iyi. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zinayi, Itzel ankadzijambula akusewera gemu imene tonse tinkangoitchula kuti Nyali, n'kumaika mavidiyowo pa tchanelo chake pa intaneti. M'gemumo muli kamtsikana konyamula nyali, kamene kamayenera kuwoloka mlatho wa matabwa pamwamba pa chiphedi chakuya, mphepo ikuwomba, matabwa akuthyoka. Ana a zaka zisanu ndi zitatu amauwoloka tsiku loyamba lomwe, ena akudya mbatata zokazinga ndi dzanja linalo. Koma Itzel anali atagwa maulendo mazana awiri ndi khumi ndi awiri, ndipo nthawi zonse ankagwera malo amodzi, pakati penipeni, pa thabwa lofiira.

Musaganize kuti anthu ankamuseka chifukwa cha kugwako. Ankamuseka ndithu, koma chimene chinkawasunga chinali pakamwa pake. Poyambira mlathowo pamaima mbuzi, ndipo amene anapanga gemuyo anaipatsa ntchito imodzi yokha, kulira mee. Itzel anaipatsa mawu. Mbuzi yake inkadziwa amene wasiyana ndi mwamuna wake m'mudzi wa m'gemumo, amene wavala diresi lobwereka, ndiponso chifukwa chenicheni chimene kamtsikana ka nyali kankathawira kwawo. Inkayankhulira m'mphuno, n'kumayamba nkhani iliyonse ndi mawu akuti, "Ine sindinena za anthu, koma." Aliyense wa mumsewu wathu ankadziwa kumene mawu amenewo anachokera. Tinkangokhulupirira kuti mwini wake sakudziwa.

Anthu zikwi makumi anayi ankatsatira tchanelocho. Vidiyo iliyonse isanayambe pankadutsa zotsatsa malonda, za inshuwalansi ya galimoto kapena mankhwala otsukira m'kamwa, ndipo kandalama ka zotsatsazo kankapita kwa Itzel. Sikanali kambiri. Kanangokwanira kugula maikolofoni yabwino ndi kutseka pakamwa pa mayi ake, Mayi Socorro, amene poyamba ankati mwana wawo akuwolera pampando.

Tsopano uthenga uja unachokera ku Brindlecove, kampani imene inapanga gemuyo. Kampaniyo ili ndi makina amene amayendayenda pa intaneti osagona, kununkhiza nyimbo ndi zithunzi zake, ndipo makinawo anali atapeza mavidiyo onse a Itzel n'kuwaika chizindikiro. Kuyambira tsikulo, ndalama ya zotsatsa malonda izipita kukampani. Koma poti kampaniyo imakonda anthu osewera magemu ake, uthengawo unapitiriza, Itzel akhoza kusaina pofika Lachisanu n'kulowa m'banja la Brindlecove. Akatero azimubwezera gawo lina. Chofunika n'chakuti vidiyo iliyonse aziyamba waitumiza kuti aione, ndipo asamanyoze gemuyo kapena kuyankhulitsa zinthu za m'menemo mawu amene kampani sinawalembe.

"Ndiye kuti mbuzi yanga izingoti mee," anatero Itzel atamaliza kuwawerengera.

Mayi Socorro anatuluka kuseri kwa kauntala manja ali m'chiuno. Anati gemuyo anaigula okha ndi madola awo pa tsiku lobadwa la mwana wawo, ndipo lisiti lake akadali nalo m'chitini cha mabisiketi. Anamenya ndi chikhatho makina ochapira amene anali pafupi. Awanso anawagula. Kodi amene anawapanga amabwera Loweruka kudzatenga gawo pa kabudula aliyense amene wayera? Azimayi awiri amene ankadikira zovala zawo anavomereza ndi mitu, ndipo nkhaniyo ikanathera pompo, tonse tikugwirizana bwinobwino, akanapanda kulowa amalume ake a Itzel.

A Rigo ndi mlongo wawo wa Mayi Socorro, ndipo ntchito yawo ndi yolemba zikwangwani ndi kujambula pamakoma. Anabwera ndi thumba la maovololo odzaza penti, amene mlongo wawo amawachapa kwaulere akung'ung'udza. Anamvetsera nkhani yonse akutsina fodya wosayatsa ndi milomo, kenako anati kampaniyo sinalakwe.



Muyenera kudziwa za tambala. Zaka zisanu zapitazo a Rigo anajambula tambala wamkulu pakhoma la sitolo ya nyama, wofiira ndi wobiriwira, wa diso loyang'ana munthu ngati akumudziwa zinsinsi. Anathera milungu itatu pamakwerero. Ndiye bambo wina anadzamujambula ndi foni tambalayo, n'kumusindikiza pamatisheti, n'kumagulitsa pamsika wa Lamlungu. A Rigo atapita kukafunsa, bamboyo anawauza kuti azithokoza chifukwa akuwatchukitsa, ndipo anafuna kuwagulitsa tisheti imodzi pamtengo wotsika. Kuyambira pamenepo, mukafuna kuti a Rigo asiye chakudya m'mbale, ingotchulani nkhuku.

"Mlatho umene umagwerapo uja sunamere wokha, mwanawe," anatero. "Alipo munthu anakhala pansi msana kuwawa, kusankha kuti thabwa ili likhale lofiira. Iwe wangofika n'kuikapo pakamwa pako, ndalama n'kumalowa. Wasiyana pati ndi wa matisheti uja?"

"Achimwene, mwanayu ndi wanu," anatero Mayi Socorro.

"N'chifukwa chake ndikumuuza."

Itzel anayankha kuti wa matisheti sanawonjezere ngakhale nthenga imodzi pa tambalayo, pamene iye amathera maola akudula, kulumikiza, kupeka nthabwala. Anati mbuzi ija anailenga yekha. Apo m'pamene Mayi Ofelia anachotsa chingamu m'kamwa, n'kuchikulunga bwinobwino m'kapepala.

"Ine sindinena za anthu," anatero, akuyankhulira m'mphuno, "koma mdzukulu wanga anandionetsa mbuzi imeneyo chaka chatha. Zaka zitatu ndikulira mee pa intaneti, ngakhale botolo la zakumwa silinandipeze."

Aliyense anaseka, ngakhale a Rigo. Itzel yekha ndi amene sanaseke. Makutu ake anafiira, ndipo anapita kukatola masokosi amene sanagwe.

Lachitatu lonse kusukulu anali ngati nkhuku yonyowa. Pa nthawi ya chakudya anakhala yekha pafupi ndi mpanda, zomwe zinachititsa atsikana ena kufalitsa kuti ali ndi pakati, ena kuti akusamukira ku Denver. Zonse zinali zabodza. Anali atavala mahedifoni akudziyesa yekha. Anatsegula vidiyo yake imodzi n'kuchotsa mawu ake, kusiya gemu yokha. Zinamupweteka kuona kuti mlathowo ndi wokongola. Nkhungu inkakwera kuchokera m'chiphedi, kuwala kwa nyali kunkagwedezeka pamatabwa, ndipo kanyimbo kake, kamene anali atakamva maulendo osawerengeka akukayankhulira pamwamba, kanamukhudza ngati akukamva koyamba. Alipo anapeka kanyimbo kameneko. Kenako anabwezera mawu ake n'kutseka maso, ndipo anadzipeza akuseka yekha pampanda ngati wamisala.

Ndiye vidiyo imeneyi ikanakhala mwana, akanakhala wa ndani, wa wobereka kapena wa wolera? Ndipo funso limene linkamuluma kwambiri, limene sanauze munthu mpaka patapita nthawi, linali lina. Anthu zikwi makumi anayi aja ankabwera kudzamva iye, kapena ankabwera kudzaona mlatho, iye n'kukhala ngati ntchentche yolira pawindo la eni? Akasaina, sadzadziwa. Azingolandira kagawo kake, mbuzi ili duu, iye akumwetulira m'banja la eni ake.

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, a kukampani anaimba foni. Anali mtsikana wa mawu ofewa ngati thaulo latsopano, dzina lake Kendall. Itzel anaika foni pa sipika pamwamba pa tebulo lopindira zovala, kompyuta yake ili yotsegula pambali. Mayi Socorro anayamba kupukuta kauntala yoyera kale, ndipo Mayi Ofelia, amene analibe chochapa tsikulo, anali atabwera ndi pilo mmodzi kuti apeze chifukwa.

Kendall anati iye mwini amaikonda mbuzi ija, ndipo muofesi mwawo amaonetsana n'kumaseka. Kungoti malamulo ndi malamulo. Itzel anafunsa ngati angamuuze dzina la munthu amene anajambula thabwa lofiira, ndi la amene anapeka kanyimbo. Anati ngati pali kugawana, akufuna kudziwa kuti akugawana ndi ndani, ndipo kwa anthu awiri amenewo sangakane. Kendall anati sakudziwa, magulu amasinthasintha, komabe zonsezo ndi katundu wa kampani.

"Nanga pamene ankandionera anthu asanu ndi atatu, awiri mwa iwo ali amayi anga pamafoni awiri, banja lanuli linali kuti?"

Kendall anaseka mwaulemu. Anati akumvetsa kuti nkhaniyi ndi yowawa, koma akungofuna kuti Itzel asataye mwayi. Akapanda kusaina mawa, ndalama yonse ya pa mavidiyowo izipita kukampani, iye osapeza kalikonse.

"Ya pa mavidiyo ati?" anafunsa Itzel.

"Onse amene ali pa tchanelo chanu."

Itzel anayang'ana pakompyuta. Mavidiyo a zaka zitatu anali atandandalika pamenepo, kuyambira yoyamba imene anajambula ali ndi zitsulo m'mano, mawu akumveka ngati ali m'chidebe. Pansi pa iliyonse panali ndemanga za anthu, za mayi wina amene ankaonera akuyamwitsa, za mnyamata wina amene ankati amaseka nazo ali m'chipatala. Anasankha onse ndi batani limodzi. Chala chake chinaima pamwamba pa mawu akuti bisa, ndipo Mayi Socorro, amene anaona, anasiya kupukuta kauntala.

Anadina.

"Taonaninso, achemwali," anatero Itzel. "Palibe vidiyo. Mugawane mphepo."

Atadula foni anathamangira kuchimbudzi n'kudzitsekera. Mayi Ofelia amalumbira kuti anamva akusanza, koma Mayi Ofelia amalumbira zambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti atatuluka anasamba kumaso, n'kukwera njinga yake kulunjika kugalaja ya amalume ake.

Anawapeza akulemba chikwangwani cha malo odyera. Sanapereke moni wautali. Anati Loweruka akufuna kusewera Nyali anthu akuonera pompopompo, koma popanda chithunzi cha kampani ngakhale chimodzi, popanda kanyimbo kake. Sikirini idzayang'ana kukhoma. Akufuna mlatho wa katoni, kamtsikana ka katoni pa kamtengo, ndi munthu woti azikayendetsa akuyang'ana zimene zikuchitika pasikirinipo. Ndipo anati asakopere mlatho wa eni. Ajambule wawowawo.

A Rigo anapukuta burashi pa ovololo. Anafunsa ngati nayenso azithokoza chifukwa chotchuka.

"Dzina lanu lidzalembedwa pansi, zilembo zazikulu. Chilichonse chimene chidzalowe tidzagawana. Ndipo ndabwera kudzapempha musanajambule, amalume, osati mutamaliza."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, fodya wosayatsa uja akuyenda kuchoka mbali ina ya pakamwa kupita ina. Anati sanasinthe maganizo, kampani ili ndi pake podandaula. Itzel anati sanabwere kudzagula maganizo awo, wabwera kudzagula dzanja. A Rigo anatsokomola mobisa kuseka, n'kumuuza kuti akawatengere makatoni a sopo kwa mayi ake.

Kwa Mayi Ofelia anapita ndi botolo la zakumwa ndi kupepesa. Iwo analandira zonse ziwiri, koma anaika lamulo lawo. Ngati mbuzi ndi iwo, ayankhula okha. Atopa kumva mwana akuwononga mawu awo.

Lachisanu linadutsa, Itzel osasaina. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anali atasankha lake, ngakhale linali lodontha.

Loweruka masana nyumba yochapira inadzaza ngati kuli ukwati. Ena anabwera ndi zovala zoyera kale. Pa tebulo lopindira zovala panaima mlatho wa a Rigo, ndipo ndikuuzeni, unali wokongola mwa mtundu wake, wa zingwe zachikasu ndi mitambo yofiirira ngati ya kuno mvula ikamanama kuti ibwera. Pansi pake anaika dengu la masokosi kuti likhale chiphedi. Kamtsikana ka katoni kanali ndi katochi kamakiyi m'manja. Mbuzi inali ndi ndolo ndi nsidze zojambula, ndipo Mayi Ofelia ataiona anati sakuona kufanana kulikonse, uku akukonza ndolo zawo. Itzel anakhala pambali, mahedifoni kumutu, sikirini itafulatira kamera. A Rigo anaima kumbuyo kwake pamene ankatha kuona gemu, kamtengo kali m'manja. Mayi Socorro anagwira nsalu ya pabedi yokupizira mphepo, ndi mulu wa mahang'ala akale apulasitiki oti azithyola thabwa likathyoka.

Pakona ya foni imene inkajambula pankaoneka chiwerengero cha oonera. Atayamba chinali mazana atatu. Ndemanga zinayamba kutsika ngati nyerere. Gemu ili kuti? Mavidiyo akale apita kuti? Ichi n'chiyani, sukulu ya mkaka? Chiwerengerocho chinatsika kufika mazana awiri, kenako chinatsikanso. Itzel anachiona. Mwina amalume ake ananena zoona. Mwina anali ntchentche chabe.

Anafotokoza mwachidule chifukwa chake zinthu zasintha, osatukwana aliyense, n'kuyamba kusewera.

Ulendo woyamba anagwa pa thabwa lofiira. Mayi Socorro anathyola hang'ala, a Rigo anaponya kamtsikana m'dengu la masokosi, ndipo kanatuluka katavala sokosi la mwana kumutu. Wachiwiri anagwanso. Mayi Ofelia, amene anapatsidwa pepala la zoti anene, anali atalikhalira. Mbuzi inayamba kufotokoza za mayi wina wa m'mudzi wa m'gemu amene amagula makeke kusitolo n'kuwaika m'mbale yake popita kutchalitchi, ndipo mayi wina weniweni amene anaima pafupi ndi makina achitatu ananyamula dengu lake n'kutuluka. Chiwerengero chinasiya kutsika. Chinayamba kukwawa chokwera.

Ulendo wachinayi ndi umene anthu amaukambabe. Onani, zaka zitatu zonsezi Itzel akafika pa thabwa lofiira ankakhala ali pakati pa nthabwala, pakamwa pakugwira ntchito ya mbuzi, manja akuchita zawo okha ngati ana osiyidwa pakhomo. Tsikulo pakamwa pake panalibe ntchito. Mayi Ofelia anali atalanda bwalo lonse, akufotokoza za mphuno ya wogulitsa matayala. Itzel anangokhala chete, kanyimbo kaja kali m'makutu mwake yekha, maso ali pamatabwa. Anadikira mphepo idutse. Anadumpha.

Mayi Socorro anali atakweza kale hang'ala kuti athyole. Inakhala m'mwamba.

Vuto linali lakuti a Rigo sanasewerepo gemu chibadwire. Mlathowo ankaudziwa kudzera m'mavidiyo a mwana wa mlongo wawo basi, ndipo m'mavidiyo onsewo mlatho unkathera pa thabwa lofiira. Ndiye anajambula mpaka pomwepo. Penti ndi wodula, ndipo munthu sajambula kumene sikupitidwa. Kutsogolo kwa thabwalo kunalibe katoni, kunalibe chingwe, kunali m'mphepete mwa tebulo ndi mpweya wonunkhira sopo.

"Igwa," ananong'ona a Rigo, koma maikolofoni yabwino ija inatola. "Igwa, mwanawe, mlatho watha."

"Sindigwa, amalume."

"Ndilibe poponda."

"Mupeze. Ine sindigwa."

A Rigo anayang'ana sikirini, anayang'ana kamtengo kali m'manja mwawo. Kenako bambo wamkulu uja, wa mimba yake ndi penti m'ndevu, anayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu, maso ali pagemu, dzanja litatambasuka, kamtsikana ka katoni kakuyenda pamphepo. Itzel akadumpha, iwo ankakweza. Akaima kudikira mphepo, iwo ankaima, kupuma kutaleka. Kanadutsa pamwamba pa dengu, pamwamba pa botolo la sopo, pamwamba pa mutu wa Mayi Ofelia, amene kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya msewu wathu anasowa chonena. Mayi Socorro anataya hang'ala, n'kunyamula foni yojambulira kuwatsatira. Anthu anapatuka. Pamene dzanja la a Rigo linafika polekezera, iwo atapendekeka mwendo umodzi uli m'mwamba kuti asataye sikirini, Itzel anatsitsa manja ake pamiyendo n'kuvula mahedifoni.

Sanakuwe. Anangoti, "Ndafika," misozi ikutsikira pachibwano.

A Rigo anayang'ana pozungulira kufuna poika kamtsikanako. Anakaimika pamwamba pa makina oumitsira omaliza, pafupi ndi chitseko, katochi kake kakuyakabe.

Ndikanakonda kukuuzani kuti anthu onse zikwi makumi anayi anabwerera, koma ine si Mayi Ofelia. Tsikulo anafika zikwi ziwiri ndi kanthu. Ena anachoka osabweranso, n'kumalemba kuti Itzel wadzimva ndipo popanda gemu si kanthu. Mavidiyo akale akadali obisika, ndipo masiku ena amawatsegula yekha n'kumaonera kamtsikana ka zitsulo m'mano kaja. Makina a kampani anadzanunkhiza vidiyo ya Loweruka, sanapezemo fungo lawo, anapitirira. Kendall anatumiza uthenga wina wofewa wonena kuti khomo likadali lotsegula. Itzel anauwerenga akupinda mataulo, ndipo mataulowo anapindika mowongoka.

Chimene anthu amafunsa kwambiri m'ndemanga ndi chimene chili kutsidya kwa mlatho, poti tsikulo anachiona ndi awiri okha, iye ndi amalume ake. Itzel amayankha kuti zimenezo ndi za amene anazijambula, wofuna kuona akagule gemu. A Rigo akamva yankho limenelo amayang'ana kumbali n'kumatafuna fodya wawo, ndipo amakanabe kuti anagonja pa mkangano uja. Mayi Socorro anawapempha kuti amalize theka lina la mlatho wa katoni uja, iwo anakana. Anati aliyense akhoza kujambula mlatho wathunthu.

Ndiye ulipobe, wapachikidwa pakhoma pamwamba pa makina, ukuthera pa thabwa lofiira, dzina la a Rigo lili pansi pake m'zilembo zazikulu. Kamtsikana kali kutali uko pafupi ndi chitseko, ndipo pakati pa ziwirizi pali khoma loyera lokhalokha. Loweruka lililonse akamaliza kujambula, Itzel amatenga tsache n'kusesa ubweya wa zovala umene anthu aupondaponda, ukuuluka m'kuwala kwa pagalasi. Ng'oma inali ya eni, anabwera n'kuitenga. Koma pagule fumbi ndiwe mwini.